Panado, Grand-Pa ndi mowa: tikupweteka chiwindi m'nyengo yozizirayi

Chisanu cha chaka chino chabwera ndi chimfine, ndipo zimene ndikuona m'zipinda za Amalawi anzathu ku Rosettenville ndi ku Turffontein, kuno ku Johannesburg, zikundidetsa nkhawa. Munthu mutu ukangomuwawa, Panado awiri m'mawa. Popita kokakwera taxi wagula Grand-Pa, mankhwala a ufa a mutu, pa kagolosale ka spaza, masana wathiranso wina pa lilime, madzulo wamwa mankhwala a chimfine, kenako mowa akuti thupi litenthe. Abale anga, mu Panado ndi mu Grand-Pa muli mankhwala amodzimodzi, paracetamol, ndipo ambiri a chimfine alinso nayo. Munthu wamkulu sayenera kupitirira magalamu 4 pa tsiku, ndiye kuti Panado 8 a 500 mg. Amene amamwa mowa tsiku ndi tsiku, kapena amagona ndi njala, asayandikire n'komwe pamenepo.

Ukawalangiza amayankha kuti chiwindi chimadzikonza chokha. Bambo wina amene amalima ndiwo zamasamba cha ku Eikenhof, manja atachita kung'aluka ndi madzi ozizira a m'mamawa, anandionetsa timapepala ta Grand-Pa todzaza thumba la ovolosi. Anati, "Alangizi, chiwindi chili ngati mpiru, mukathyola masamba umaphukanso." Ndinawafunsa ngati mpiru wothiridwa mankhwala opha udzu umaphukanso. Anangoseka, koma maso awo anali atayamba kale chikasu.

Zoti chimaphuka n'zoona. M'chaka cha 1931 asayansi awiri, Higgins ndi Anderson, anachotsa magawo awiri mwa atatu a chiwindi cha makoswe, ndipo pasanathe masabata awiri chinali chitabwerera pa kulemera kwake. Mbali yodulidwayo siimeranso ayi. Maselo a mbali yotsala ndi amene amayamba kugawikana, chotsalacho n'kukula mpaka kukwana pa msinkhu umene thupi likufuna, kenako n'kusiya chokha. Kwa munthu zimatenga masabata kapena miyezi. N'chifukwa chake pa Wits Donald Gordon Medical Centre ku Parktown madokotala amatha kudula mbali ya chiwindi cha kholo n'kuika mwa mwana wodwala, ndipo mbali zonse ziwiri zimakula. Mu 2017 anachita zimenezi ndi mayi amene anali ndi kachilombo ka HIV, kupulumutsa mwana wake.

Koma taonani kusiyana kwake. Dokotala amadula kamodzi, n'kusiya mbali yathanzi, wodwala n'kupuma. Ife tikuchivulaza chiwindi chonse, tsiku lililonse, osachipatsa mpata. Paracetamol ikamagayidwa m'chiwindi imatulutsa kapoizoni kamene chiwindicho chimakafafaniza ndi chinthu chotchedwa glutathione. Mukachulutsa mapiritsi, glutathione amatha, poizoni uja n'kuyamba kupha maselo ambirimbiri nthawi imodzi. Mowa ndi njala zimachepetsa glutathione yemweyo. Ndipo chiwindi chovulazidwa ndi mowa kwa zaka zambiri chimadzaza zipsera, chimauma, chimene madokotala amati cirrhosis. Chipsera sichigawikana. Wina alinso ndi matenda a chiwindi a hepatitis B osadziwa, akuwonjezera moto pamenepo.

Chondiwawa kwambiri n'chakuti tsiku loyamba munthu amangomva nseru, n'kumati zatha. Pofika tsiku lachitatu maso achikasu, mimba ikuwawa kumanja pansi pa nthiti, mutu wasokonekera. Ganyu yaima, lendi ikudikira, ana kumudzi akudikira ya sukulu. Zikafika poipa ndi ife tomwe timayenda ndi kabuku kusonkha ndalama zotumizira maliro ku Malawi. Chizolowezi ichi chomeza chilichonse chimene mnzako wa m'chipinda wakupatsa chatikwana.

Chochita n'chachidule. Werengani pa paketi, mukaona mawu akuti paracetamol pa mankhwala awiri, mwani amodzi okha. Mowa usiyeni mpaka muchire, ndipo idyani kaye. Ngati mwapitirira muyeso, musadikire zizindikiro: thamangirani ku casualty, kolandirira odwala mwadzidzidzi, ku chipatala cha Helen Joseph, Charlotte Maxeke kapena Bara (Baragwanath), mutanyamula mapaketi onse, chifukwa mankhwala oletsa poizoniyu amagwira bwino ntchito m'maola 8 oyamba. Za mapepala zisakuchedwetseni, malamulo a dziko lino la South Africa salola kukaniza munthu chithandizo cha mwadzidzidzi. Mukapita ku kiliniki pemphaninso akuyezeni hepatitis B.