Momwe mungawerengere ngongole ya nyumba ya kunja kwa mzinda musanasaine

Munthu akamafuna nyumba m'madera a m'mphepete mwa mzinda, funso loyamba kutuluka pakamwa limakhala la mtengo. Koma kwa amene akugula ndi ngongole ya kubanki, chomwe chidzamusowetse tulo kwa zaka 20 kapena 30 ndi ndalama yobweza mwezi ndi mwezi, ndipo ndalama imeneyo imalamulidwa ndi chiwongoladzanja. Masamu ake ndi ofanana kulikonse, kaya mukubwereka ndalama ya dziko liti, ndipo mutha kuwachita nokha ndi pensulo ndi foni.

1. Yambani ndi thumba lanu, nyumba ibwere pambuyo

Lembani ndalama zonse zomwe zimalowa pakhomo panu pamwezi, zodalirika zokhazokha. Obwereketsa ambiri ku America amatsata muyeso wakale woti zolipira nyumba zisapitirire 28 peresenti ya malipiro msonkho usanadulidwe, ndipo ngongole zonse pamodzi, ya galimoto ndi zina, zisapitirire 36 peresenti. Muyesowu si lamulo, koma ndi poyambira pabwino. Banki ikhoza kukulolani kubwereka zochuluka kuposa pamenepo. Musasangalale nazo. Banki sidziwa za fizi ya ana, matenda kapena abale omwe amadalira inu.

2. Onani momwe chiwongoladzanja chimasinthira zonse

Apa ndiye pagona nkhani, choncho tiyeni tichedwepo. Tiyerekeze kuti mwabwereka 100,000 yobweza pa zaka 30.

Pa chiwongoladzanja cha 3 peresenti, mumabweza pafupifupi 422 pamwezi, ndipo pomaliza mudzakhala mutapereka pafupifupi 151,800. Pa 7 peresenti, mumabweza 665 pamwezi, ndipo zonse pamodzi zimakwana pafupifupi 239,500. Nyumba ndi yomweyo, mtengo wake sunasinthe, koma chiwongoladzanja chokha chaposa ndalama yomwe munabwereka.

Tsopano atembenuzeni masamuwo. Ngati thumba lanu limakwanitsa 422 pamwezi basi, pa 3 peresenti mungabwereke 100,000, koma pa 7 peresenti mungabwereke pafupifupi 63,400 yokha. Ndalama yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu yapita inu musanalakwe kanthu.

Izi zinachitikadi. Ku America, bungwe la Freddie Mac limalengeza sabata iliyonse chiwongoladzanja cha ngongole za nyumba za zaka 30. Mu Januwale 2021 chinatsika kufika pa 2.65 peresenti, chotsikitsitsa m'mbiri ya kalembera wawo. Banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, itayamba kukweza chiwongoladzanja chake mu Malichi 2022 pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, cha nyumba chinafika pa 7.79 peresenti mu Okutobala 2023. Zaka zosakwana zitatu zokha. Ndipo akale amakumbukira 1981, pamene chinadutsa 18 peresenti.

Ma webusaiti a mabanki ambiri ali ndi chowerengera ngongole chaulere. Ikanimo ndalama yomwe mukufuna, zaka, ndi chiwongoladzanja chomwe akuuzani. Kenako onjezerani 2 peresenti pa chiwongoladzanjacho n'kuwerengeranso. Ku Canada mabanki amakakamizidwa kuyesa wobwereka motere asanamupatse ngongole. Inu dziyeseni nokha ngakhale palibe wokukakamizani. Pa chitsanzo chathu chija, 9 peresenti imafuna pafupifupi 805 pamwezi. Ngati nambala yachiwiriyi ikukuopsani, nyumbayo yakukulirani.

3. Funsani ngati chiwongoladzanja ndi chokhazikika kapena chosintha

Chokhazikika sichisuntha pa nthawi yomwe mwagwirizana. Chosintha chimatsatira banki yaikulu ya dziko: ikakweza, nanunso mumakwezeredwa. Ku America ngongole zambiri zimakhazikika zaka 30 zonse. Ku Britain zambiri zimakhazikika zaka 2 kapena 5 zokha, kenako munthu amakambirananso ndi banki. Chiwongoladzanja cha banki yaikulu ya dzikolo, Bank of England, chitachoka pa 0.1 peresenti kumapeto kwa 2021 n'kufika pa 5.25 peresenti mu Ogasiti 2023, mabanja omwe nthawi yawo yokhazikika inatha anapeza zolipira zitalumpha.

Chenjerani kwambiri ndi ngongole yoyamba ndi chiwongoladzanja chotsika chokopa kwa zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira. Ngongole za mtundu umenewu zinali m'gulu la zomwe zinagwetsa msika wa nyumba ku America mu 2007 ndi 2008, ndipo madera atsopano akutali ndi mizinda monga Phoenix ndi Las Vegas anavulala koopsa. Ine ndimaona kuti banja lodalira malipiro a pamwezi lisankhe chokhazikika pomwe chikupezeka, ngakhale chitakwererako pang'ono.

4. Musamangodikira kuti mitengo igwe

Anthu amanena kuti chiwongoladzanja chikakwera mitengo ya nyumba imatsika. Nthawi zina zimaterodi. Ku Sweden ndi ku New Zealand, komwe ngongole zambiri zimasintha msanga, mitengo inatsika ndi peresenti yoposa 10 chiwongoladzanja chitakwera mu 2022. Koma ku America sizinatero kwenikweni. Pa nthawi ya Covid-19 anthu ogwirira ntchito kunyumba anathamangira kunja kwa mizinda kufuna malo aakulu, mitengo n'kukwera kwambiri. Chiwongoladzanja chitakwera, eni nyumba omwe anali ndi ngongole za 3 peresenti anakana kugulitsa, poti kusamuka kukanatanthauza kutenga ngongole yatsopano ya 7 peresenti. Nyumba zogulitsa zinachepa, mitengo inakakamira pamwamba.

Choncho yang'anani dera lomwe mukufunalo palokha. Kodi nyumba zogulitsa zilipo zingati? Zikukhala nthawi yaitali bwanji zisanapeze wogula? Kodi akumanga zatsopano pafupi? Funsani mitengo yomwe nyumba zinagulitsidwira kwenikweni miyezi yapitayi, osati yomwe eni ake akutchula. Nyumba yomwe yakhala miyezi ingapo pa msika imakupatsani mphamvu yonenerera, ndipo pa chitsanzo cha 7 peresenti chija, 5,000 yomwe mwadula pa mtengo imakupulumutsani pafupifupi 12,000 pa zaka 30.

5. Onjezeranipo mtengo wa mtunda

Nyumba za kunja kwa mzinda zimatsika mtengo chifukwa zili kutali, ndipo kutaliko mumakulipira tsiku ndi tsiku. Werengerani mafuta kapena ndalama ya basi ya mwezi wonse, ya aliyense wapakhomo amene amapita kuntchito kapena kusukulu. Ngati pakufunika galimoto yachiwiri, ilembeninso. Pitani kuderalo m'mawa wa tsiku lantchito muone nokha momwe msewu umadzazira. Pamwamba pake ikani msonkho wa nyumba, inshuwalansi, ndi yokonzera zowonongeka. Ambiri amasunga pafupifupi 1 peresenti ya mtengo wa nyumba pachaka ya zokonzakonzazi. Zonsezi ziphatikizeni ku ndalama ya pamwezi ija, kenako bwererani ku sitepe yoyamba.

6. Yendani mabanki angapo

Atatu kapena kuposa. Aliyense akupatseni zolembedwa, ndipo muyerekeze nambala yotchedwa APR, yomwe imaphatikiza chiwongoladzanja ndi zolipira zina za ngongoleyo. Funsani za ndalama yokonzera ngongole, ya woyeza mtengo wa nyumba, ya loya, ndi ngati dipoziti yochepa imabweretsa inshuwalansi yoonjezera. Ku America zimatero kawirikawiri dipoziti ikachepera 20 peresenti ya mtengo wa nyumba.

7. Sankhani zaka, ndipo funsani za kubweza msanga

Zaka zoyambirira za ngongole zimapweteka mtima. Pa 665 ya mwezi woyamba ija, 583 ndi chiwongoladzanja, ndipo 82 yokha ndi yomwe imachepetsa ngongole. N'chifukwa chake wogula amene akuganiza zosamuka pakatha zaka zitatu kapena zinayi aganize kawiri, mwina lendi ingamukomere.

Ngongole yomweyo pa zaka 15 imafuna pafupifupi 899 pamwezi, koma chiwongoladzanja chonse chimakhala 61,800 m'malo mwa 139,500. Ngati 899 ndi yolemera, pali njira yapakati: tengani ya zaka 30 koma muzionjezera 100 mwezi uliwonse. Ngongoleyo imatha pa zaka zosakwana 21, ndipo mumapulumutsa pafupifupi 50,000. Njirayi imagwira pokhapokha ngati mgwirizano ulibe chilango cha kubweza msanga, ndiye funsani, ndipo yankho lilembedwe. Funsaninso ngati mungadzasinthe ngongoleyo chiwongoladzanja chikadzatsika, komanso kusinthako kudzakudyerani zingati.

8. Zikalata

Loya wanu, osati wa wogulitsa, afufuze kuti nyumbayo ndi ya wogulitsayo, kuti sinaikidwe chikole kwina, komanso kuti inamangidwa ndi chilolezo. Katswiri wa zomangamanga aone denga, maziko, mapaipi ndi mawaya. Mgwirizano wogula ulembedwe kuti ngati banki yakana ngongole kapena woyeza wapeza kuti nyumbayo siikwana mtengo womwe mwagwirizana, dipoziti yanu ibwezedwa yonse.