Misonkho ya America ikagwedeza ntchito yanu ku Joni

Abale athu amene muli ku South Africa, mkangano wa misonkho pakati pa mayiko akuluakulu umakufikani kudzera pa ntchito ndi pa randi. Mu Epulo 2025 boma la Donald Trump linaika msonkho wa 25 peresenti pa magalimoto olowa ku America, ndipo mu Ogasiti chaka chomwecho katundu wambiri wa ku South Africa anayamba kulipira 30 peresenti. Misonkhoyi imasinthasintha, koma oda ikachepa kampani siidikira. Fakitale ya Mercedes-Benz mumzinda wa East London ku South Africa komweko imagulitsa magalimoto ku America, minda ya malalanje ya ku Citrusdal nayonso imadalira msika womwewo. Kumeneko kukavuta, timakampani topanga zitsulo, oyendetsa malole ndi olongedza zipatso amavutika nawo. Randi nayo inagwa mu Epulo 2025 mpaka kuyandikira R20 pa dola imodzi.

Chizindikiro choyamba ndi kutha kwa ovataimu ndi kudula masiku ogwira ntchito. Mukangoona zimenezi, sonkhanitsani kontrakiti, mapepala onse a malipiro, pasipoti ndi pemiti, muzijambule pa foni. Yang'anani ngati pa pepala la malipiro akudula 1 peresenti ya UIF, thumba la boma lothandiza anthu amene ntchito yawathera. Bwana amayenera kuwonjezerapo 1 peresenti ina, koma alipo mabwana amene amadula osapereka, ndiye kafunseni ku ofesi ya Labour ngati dzina lanu lilimo.

Pochepetsa antchito, gawo 189 la lamulo la ntchito lotchedwa Labour Relations Act limalamula kuti bwana akambirane nanu kaye. Muyenera kulandira malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene mwagwira, ndalama za masiku a tchuthi amene simunatenge, komanso notisi: sabata imodzi ngati simunapitirire miyezi 6, masabata awiri mpaka chaka, masabata anayi mukaposa chaka. A m'mafamu ndi a m'nyumba notisi yawo ndi masabata anayi akangopitirira miyezi 6.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amasaina kalata yonena kuti asiya okha ntchito chifukwa bwana walonjeza kandalama kamsanga. Musasaine. Wosiya yekha salandira UIF, ndipo mlandu wake umavuta. Pemphani kwa bwana fomu ya UIF yotchedwa UI-19 yosonyeza kuti mwachotsedwa chifukwa chochepetsa antchito. Ngati mwachotsedwa mosatsata ndondomeko, pitani ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito, pasanathe masiku 30 mukadzaze fomu ya LRA 7.11. Salipiritsa, ndipo makhoti a ku South Africa anagamula kale kuti ngakhale amene pemiti yake inatha ndi wantchito wotetezedwa ndi lamulo la ntchito lija.

Za kutumiza ndalama kumudzi, musamangoyang'ana chindapusa. Lembani R1,000 pa Mukuru, Mama Money ndi Hello Paisa tsiku limodzi, muone makwacha amene angafike pa Airtel Money kapena Mpamba. Randi ikagwa mwadzidzidzi, ndalama yosafulumira monga ya malata dikirani nayo masiku angapo, koma ya fizi ndi ya feteleza tumizani nthawi yake isanadutse. Auzeninso akumudzi msanga kuti ntchito ikugwedera, asatenge ngongole ya katapila podalira inu, ndipo sungani padera lendi ya miyezi iwiri ndi ndalama ya basi yobwerera kumudzi.