Chitsulo chokulitsa nsagwada: zimene munthu wamkulu ayenera kudziwa asanachiike m'kamwa

Masiku ano kuno ku Ntcheu ndikumafunsidwa, makamaka ndi achinyamata obwera kuchokera ku Joni, za kachitsulo koika kudenga kwa m'kamwa kotchedwa expander, kamene ena amati kamakulitsa nsagwada, kutukula masaya ndi kukongoletsa nkhope. Kachitsuloka n'kodziwika kwa madokotala a mano, ndipo dokotala wa ku America Emerson Angell analemba za njirayi kale mu 1860. Komabe zimene kamachita kwa mwana wa zaka 10 si zimene kamachita kwa munthu wa zaka 30.

Nsagwada ya m'mwamba ndi mafupa awiri, la kumanja ndi la kumanzere, amene amakumana pamsoko wodutsa pakati pa denga la m'kamwa. Mayi aliyense amadziwa liwombo la khanda, mmene limakhalira lofewa kenako n'kutsekeka. Msoko uwunso umachita chimodzimodzi, kungoti umachedwa, chifukwa umayamba kulukana ndi kulimba munthu akamatha msinkhu. Kwa mwana, dokotala amamangirira chitsulocho ku mano a kumbuyo, kholo n'kumapotokola kanati kake ndi kakiyi, ulendo uliwonse pafupifupi mamilimita 0.25, ndipo mafupa awiri aja amatalikirana pang'onopang'ono kwinaku fupa latsopano likudzaza mpatawo.

Kwa wamkulu msokowo nthawi zambiri umakana. Mphamvu ya chitsulo siipita pachabe, imathera pa mano. Ganizirani mitengo ya mpanda wa dimba imene ng'ombe ikutsamira tsiku ndi tsiku: nthaka siisuntha, koma mitengo imapendekera kunja mpaka tsinde lake kuonekera. Mano nawonso amapendekera kumasaya, fupa lopyapyala lokuta mizu limadyeka, nkhama zimabwerera m'mbuyo, mizu imakhala pamtunda, ndipo munthu amamva kunyung'unya akangomwa madzi ozizira a m'mawa wa mu Juni. Mano a m'mwamba ndi a m'munsi amasiya kukumana bwino, kotero kuti nzimbe kapena chimanga chokazinga, zimene ankadya osaganizira, zimasanduka ntchito. Chimene chimandipweteka mtima kwambiri n'chakuti fupa ndi nkhama zikatha chotere sizimeranso zokha.

Mu Malichi 2023 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ndi zipangizo zachipatala ku America, linachenjeza anthu za zitsulo zina zoikidwa kwa akuluakulu ponena kuti zimakonzanso nsagwada kapena kuchiza kubanika kutulo, kuphatikizapo china chotchedwa AGGA, litalandira madandaulo a kupweteka kosatha, kugwedera kwa mano, kudyeka kwa fupa ndi kuguluka kwa mano.

Sindikunena kuti wamkulu sangathandizidwe. Pali anthu amene nsagwada yawo ya m'mwamba ndi yopanikizika zenizeni, moti mano a m'mwamba amaluma m'kati mwa a m'munsi, ndipo kwa iwowa njira zilipo ziwiri. Yoyamba, yotchedwa SARPE, ndi opaleshoni imene dokotala amacheka fupa kuti limasuke, kenako chitsulo n'kulitambasula. Yachiwiri ndi MARPE, imene chitsulo chimakhomeredwa ku fupa lenilenilo ndi timisomali ting'onoting'ono, kawirikawiri tinayi, kuti chikankhe fupa m'malo mwa mano. Imayenda bwino kwambiri kwa amene angokula kumene, ndipo kwa ena msoko umakanabe. Msoko ukatseguka, pakati pa mano awiri a kutsogolo pamaoneka mpata, umene pambuyo pake amautseka ndi mawaya, ndipo chitsulo chimakhalabe m'kamwa miyezi ingapo kuti fupa latsopano likhwime.

Nanga nkhope? Imasintha ndithu, koma ndi mamilimita ochepa chabe. Tsinde la mphuno limatha kutambasuka pang'ono, m'kati mwa mphuno mumakula moti ena amapuma bwinoko, ndipo nthawi zina mbali imodzi imatseguka kuposa inzake. Nsagwada ya m'munsi ndi nkhani ina, chifukwa mbali zake ziwiri zimalumikizana kukhala fupa limodzi mwana akadali khanda, choncho wokulonjezani kuti chitsulo chokha chikulitsa chibwano chanu akukunamizani.

Langizo langa ndi lakuti musagule chitsulo chotere pa intaneti kapena kuitanitsa kwa m'bale wa kunja kuti muzipotokola nokha kunyumba. Yambirani ku chipinda cha mano pa chipatala cha boma cha Ntcheu kapena cha Dedza kuti aone ngati nkhama zanu zili bwino, popeza chitsulo choikidwa pa nkhama zodwala chimafulumizitsa kuguluka kwa mano, ndipo ngati pakufunika katswiri akutumizani ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Funsani ngati wofuna kukuikani chitsuloyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo musalole kuti ayambe asanakujambuleni X-ray yoonetsa fupa. Amene muli nacho kale m'kamwa, mukaona dzino likugwedera, nkhama zikutuluka magazi kapena kupweteka kosaleka, siyani kupotokola ndipo pitani kuchipatala msanga, mutatenga kakiyi kake ndi tsiku limene munayamba.