Chingwe, Ndodo ndi Flash Drive: Mmene Ndimaphunzitsira Fizikisi ndi Zakuthambo Chaka Choyamba

Mnzanga amene mwangopatsidwa kumene kalasi ya chaka choyamba ku yunivesite, sabata yoyamba musaithere pa bolodi. Ophunzira athu ambiri amafika atalowezadi kuti g, mlingo wa mmene liwiro la chinthu chakugwa limaonjezekera, ndi 9.8, koma sanaiyezepo ndi manja awo. Ine ndimayambira pamenepo.

Ndimalowa ndi mpukutu wa ulusi wolimba, manati akuluakulu ochokera ku galaja ndi tepi ya atelala. Gulu lililonse la anthu anayi limamanga pendulum (nati yolendewera pa ulusi) yotalika mita imodzi, n'kuimangirira pa chitsulo cha zenera. Wina amakokera natiyo pambali pang'ono, osapitirira madigiri 10, wina amagwira stopwatch ya pafoni. Awerenge maulendo 20 opita ndi kubwera. Apeza masekondi pafupifupi 40, ndiye kuti ulendo umodzi ndi masekondi awiri. Akaika mu g = 4π²L/T², pomwe L ndi kutalika kwa chingwe ndipo T ndi nthawi ya ulendo umodzi, nambala ija imatuluka m'manja mwawo.

Muziyendayenda pakati pawo, chifukwa zolakwa zimabwera zomwezomwezo chaka chilichonse. Wowerenga amati "wani" pomwe akusiya nati, m'malo moyamba ndi ziro, choncho awerenga maulendo 19 akuganiza kuti ndi 20. Ena amayeza chingwe kulekezera pamwamba pa nati osafika pakati pake. Ndikaona zotero sindiwakonza msanga. Ndimalemba mayankho a magulu onse pa bolodi n'kuwafunsa chifukwa chake akusiyana. Mkangano umene umabuka pamenepo ndiwo phunziro lonse la uncertainty, kutanthauza chikaiko chimene chimakhalapo pa muyeso uliwonse, ndipo limawakhala m'mutu kuposa notsi za maola awiri.

Za mabuku musavutike nazo. OpenStax ya Rice University imapereka kwaulere University Physics, yomwe ili m'mavoliyumu atatu, ndi buku lina lotchedwa Astronomy. Koperani ma PDF ake kamodzi pamene pali intaneti yabwino, muwaike pa flash drive limodzi ndi ma simulation (timapulogalamu toyesera za sayansi pa kompyuta) a PhET a University of Colorado Boulder, amene anayambitsidwa ndi Carl Wieman mu 2002. Ma simulation ambiri a PhET amagwira ntchito popanda intaneti mukawakopera. Muonjezere Stellarium, pulogalamu yaulere yoonetsa thambo la malo aliwonse pa tsiku ndi ola lomwe mwasankha. Flash drive imeneyi muipereke kwa class rep. Wophunzira asamagule bundle ndi ndalama ya chakudya chifukwa cha phunziro lanu. Amene ali ndi foni za touch aike phyphox, yochokera ku RWTH Aachen University, imene imasandutsa masensa a m'foni kukhala zida zoyezera.

Pa zakuthambo tili ndi mwayi umene a ku London alibe. Popeza kuno ku Malawi tili pakati pa Equator ndi Tropic of Capricorn, dzuwa limadutsa pa liwombo penipeni kawiri pachaka. Ku Zomba, pafupifupi madigiri 15 kummwera, zimachitika kumayambiriro kwa Novembala ndi kumayambiriro kwa Febuluwale. Ya Novembala ndi imene ndimadalira, ya Febuluwale mitambo ya dzinja imaiononga kawirikawiri. Zikani ndodo yowongoka pamalo osalala, muitsimikizire ndi chingwe cholendewera nati, ndipo ophunzira azilemba nsonga ya mthunzi mphindi zisanu zilizonse kuyambira 11 koloko. Mthunzi umafupika mpaka kubisala pansi pa ndodo cha m'ma 11:20, osati 12 koloko. Afunseni chifukwa chake. Nthawi ya pa wotchi yathu imatsata longitude ya madigiri 30, pomwe Zomba ili pa 35, ndipo mu Novembala dzuwa limatsogola wotchi ndi mphindi pafupifupi 16. Mukakhala ndi mnzanu wophunzitsa ku Mzuzu, ayeze tsiku lomwelo pamene mthunzi wake wafupikitsitsa. Kusiyana kwa ma angle a kupendekeka kwa dzuwa opezeka pa mithunzi iwiriyo ndi mtunda wa kumpoto ndi kummwera pakati pa mizindayi kukupatsani kukula kwa dziko, monga anachitira Eratosthenes, katswiri wachigiriki wakale, ku Egypt.

Usiku, mabainokula wamba ogonekedwa pa khoma kuti asagwedezeke amaonetsa miyezi ikuluikulu ya Jupiter imene Galileo anaiona mu 1610. Ophunzira aijambule m'kope kwa mausiku asanu otsatana. Umodzi mwa miyeziyi, Io, umazungulira Jupiter m'masiku osakwana awiri, choncho kusuntha kwake kumaoneka msanga. Magetsi akazima ndimawatulutsa onse panja kukaona Mlalang'amba ndi Southern Cross, ndipo ndimawafunsa maina a nyenyezi amene agogo awo ankatchula. Nthanda aliyense amaidziwa, koma ambiri amadabwa kumva kuti ndi planeti Venus.

Mukafuna thandizo lakunja, lemberani IAU Office of Astronomy for Development ku Cape Town, ofesi ya bungwe la akatswiri a zakuthambo padziko lonse, yomwe imaitanira ma proposal a mapulojekiti, komanso lowani African Astronomical Society. Wophunzira amene mtima wake wapitadi ku zakuthambo mumuuze za MeerKAT, telesikopu ya mawailesi ya madishi 64 ku Karoo, ndi telesikopu yaikulu ya SALT ku Sutherland, onse ku South Africa, n'kumuyambitsa Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, chaka chomwecho, chifukwa ntchito ya kumeneko yambiri ndi yosanthula data pa kompyuta.