Lekani kufula akalulu okalamba ngati mukufula mbuzi

Kuyambira pomwe dzuwa la Okutobala linapsereza msipu, akalulu ambiri kudera kwathu kuno apeza eni ake atsopano. Amene analibe chowadyetsa anapatsa mnzake, wina anasamukira ku tauni n'kusiyira mlamu wake khola lonse, ena alandira kudzera m'magulu opatsirana ziweto. Pamenepo palibe cholakwika. Chimene chandipsetsa mtima ndi zimene zikuchitikira akalulu amphongo akuluakulu akangofika pakhomo lachilendo. Sabata isanathe mwini watsopanoyo wagula kale lezala pa okala, waitana mnyamata amene amafula mbuzi m'mudzimo, kalulu wagonekedwa chagada pamphasa. Tsopano mvula yagwa, ntchentche zachuluka, ndipo foni yanga sikupuma. Alangizi, kalulu uja sakudya. Alangizi, pachilonda paja patuluka chinthu chofiirira.

Chinthu chofiiriracho nthawi zambiri chimakhala matumbo. Kalulu analengedwa mosiyana ndi mbuzi. M'mphechepeche mwake muli kanjira kochokera m'mimba kupita kuthumba la machende, ndipo kwa kalulu kanjira kameneka kamakhala kotseguka moyo wake wonse. N'chifukwa chake mukamugwira ali ndi mantha mumapeza thumba lili pululu, machende wawakokera m'mimba. Ndiye inu mukacheka thumba lija n'kudula mtsempha osatseka kanjirako, mwasiya khomo lotsegula pakati pa matumbo ndi kunja. Kalulu akangodumpha kapena kumenyetsa miyendo pansi monga achitira akadzidzimuka, matumbo amatsetsereka n'kutulukira pomwe munachekapo. Dokotala wa ziweto wodziwa akalulu amamanga kanjirako ndi ulusi asanatseke chilonda. Mnyamata wa lezala uja sadziwa n'komwe kuti kanjirako kalipo.

Ena amati iwo sacheka, amangomanga mphira. Mphira pa kalulu ndi nkhanza chabe. Machende ake ndi ataliatali, agona m'mbali, alibe khosi lopyapyala loti mphira igwire ngati a tonde. Chimodzi chimathawira m'mimba, mphira n'kutsala yafinya khungu, khungulo n'kuyamba kuola kalulu akumva zonse. Za chitsulo chopanira chija timafulira ng'ombe ndi mbuzi sindifuna n'kuzitchula komwe. Amene wachiyesa pa kalulu akudziwa yekha chimene chinachitika.

Zonsezi ndi zoopsa ngakhale kwa kalulu wa miyezi 4. Kwa wa zaka 3 kapena 4 zimanyanya. Mitsempha ya magazi yakula, moti kungodula osamanga kumataya magazi ochuluka, pamene kalulu wa makilogalamu 3 magazi ake onse sadzaza n'komwe botolo la Fanta. Chilonda cha nkhalamba chimachedwa kupola. Ndipo muganizire kuti kaluluyu wangochoka kumene m'khola lomwe anazolowera, wayenda m'thumba la saka pa kabaza, wapatsidwa chakudya chachilendo, akumva fungo la agalu omwe sawadziwa. Kalulu akamva ululu kapena mantha amasiya kudya, akasiya kudya matumbo amaima, mpweya umadzaza m'mimba, tsiku limodzi kapena awiri wapita. Ambiri amene mukuti anafa ndi chilonda anafa ndi mimba yoima. Otsalawo akumalizidwa ndi ntchentche. Nyengo yotentha ndi yachinyezi ngati ino, ntchentche ikaikira mazira pachilonda madzulo, mawa lake muli kale mphutsi zikuboola mnofu, ndipo poti malowo ndi apansi pa mchira, mwini amazindikira ndi fungo.

Ndiye pali mankhwala athu aja. Phulusa, mchere, oilo wakuda wa galimoto, palafini. Chaka ndi chaka timanena, chaka ndi chaka tikupeza zilonda zopakidwa oilo. Kalulu amadzinyambita thupi lonse, zomwe mwapakazo zimathera m'mimba. Choipitsitsa ndi makapusozi. Munthu waona kalulu wafooka, watsegula kapusozi wa amoxicillin amene anatsala mwana atadwala, wasungunula m'madzi n'kumumwetsa. Amoxicillin ndi penicillin womwetsa amapha tizilombo tabwino ta m'matumbo a kalulu, timene timagaya udzu, n'kusiya toipa tikuswana. Kalulu amatsegula m'mimba n'kufa, inu n'kumati mankhwala anachedwa.

Bambo wina wa cha ku Mitundu anandiimitsa pamsika ali wolusa. Iwo analandira kalulu wamphongo woyera, wa mtundu wa New Zealand White, kwa achimwene awo. Mwana wawo wamkazi amene ali ku Manchester, ku Britain, anawauza pa WhatsApp kuti kumeneko kalulu amene watengedwa kumalo osungira nyama zosiyidwa amabwera atafulidwa kale, ndipo amakhala wofatsa. Bambowo sanachedwe, anaitana wofula. Mwamwayi kaluluyo anapulumuka. Atangoona kuti wayamba kudya anamuika khola limodzi ndi aakazi awiri, poti tsopano ndi mfule. Patatha mwezi onse awiri anaswa.

"Alangizi, mnyamata uja anandibera. Ndalama anatenga, koma ntchito sanagwire."

Ndinati, "Bambo, munamuika liti ndi aakaziwo?"

"Atangotha masiku atatu. Nanga ndikanadikiranso chiyani, zinthu nditaziona ndi maso anga zili pambale?"

Mnyamatayo sanabe. Mbewu imatsalira m'njira zake, ndipo kalulu wofulidwa angathe kupereka bere mpaka masabata 4, mwinanso 6. Bere la kalulu ndi masiku 31 okha, ndiye bambowo anapeza ana amene sanawakonzekere, m'khola lopanda bokosi loswera, ena anagwera pansi kudzera m'mipata ya nsungwi. Anandiuzanso kuti kaluluyo sanasiye kuthira mkodzo pakhoma ndiponso akuluma dzanja monga kale. Zoona. Kalulu amene wakhala zaka akumenyana ndi kuteteza malo ake, zina zimachepa pang'onopang'ono pakapita masabata, koma zina zasanduka chizolowezi ndipo lezala silizichotsa.

Mwana wa bambowo sananame, kungoti uthengawo unafika theka. Ku Britain kalulu ndi chiweto cha m'nyumba, amakhala zaka 8 mpaka 12, ndipo amamusunga ndi mnzake, kawirikawiri wamphongo ndi wamkazi, choncho onse amayenera kukhala osabereka. Ntchitoyo imachitika kuchipatala, kalulu atagonekedwa ndi mankhwala, atabayidwa oletsa ululu, ali pamalo ofunda. Ngakhale zili choncho, madokotala akumeneko samutenga kalulu mopepuka. Kafukufuku wamkulu wa m'zipatala za ziweto za ku Britain amene anatuluka mu 2008 anapeza kuti kalulu mmodzi mwa 72 alionse ogonekedwa ndi mankhwala ankafa pasanathe maola 48, pamene kwa agalu anali mmodzi mwa 601. Kwa akalulu athanzi anali mmodzi mwa 137, koma kwa odwala kale anali mmodzi mwa 14. Taonani kusiyanako. Chimene chikupha kwambiri ndi matenda obisika, ndipo kalulu wokalamba amene mwangomulandira dzulo simukudziwa zimene wabisa. Kalulu amabisa matenda mpaka atatheratu, chifukwa kutchire wooneka wofooka ndiye amayamba kugwidwa. N'chifukwa chake kumeneko nkhalamba amayamba aipima mtima, mapapo, mano, nthawi zina magazi, ndipo yamphongo imene ili yofatsa kale kapena yofooka ena amangoisiya momwemo. Ife kuno tikutenga mbali ya kufulayo, kupimako ndi mankhwalawo tikusiya.

Funso limene palibe akufunsa ndi lakuti, kodi kaluluyu mukumusungira chiyani? Ngati ndi wa mbewu, kufula kwatha ntchito. Wamphongo mmodzi amakwanira aakazi 8 mpaka 10, ndipo amene mwapatsidwa kuchokera kutali ndiye wofunika kwambiri, chifukwa makola ambiri kuno akuswana pachibale, ana akubadwa ang'onoang'ono. Ndaona anthu akufula kalulu wabwinobwino wa mtundu wa Californian amene akanakonza khola la mudzi wonse. Ngati ndi wa ndiwo, nyama ya kalulu wa zaka 4 sifewa chifukwa chakuti mwamufula lero, mudyetseni bwino masabata angapo mumuphe. Ngati mukufuna manyowa ndi mkodzo wothira kudimba, monga ambiri ayambira masiku ano, wosafula amakodza chimodzimodzi. Ngati vuto ndi ndewu, vutolo ndi la khola. Amphongo awiri akuluakulu sakhalira pamodzi, amalumana mpaka kung'ambana machende omwewo. Dulani nsungwi mugawe khola pakati, nkhani yatha. Kungoti kugawa khola kumafuna tsiku lathunthu ndi misomali, pamene lezala ndi la ndalama zochepa, ndipo ndikuganiza kuti gwero la zonsezi lili pamenepo.

Amene atsala ndi aja akusunga kalulu ngati chiweto cha ana, makamaka m'matauni, ndipo akufuna akhale ndi mnzake popanda kuswana. Kwa iwowa kufula kuli ndi phindu, ndipo kwa wamkazi phindulo ndi lalikulu koposa, chifukwa akalulu aakazi akapitirira zaka 4 khansa ya m'chiberekero imawagwira kwambiri, m'mitundu ina oposa theka. Mukaona magazi mumkodzo wa wamkazi wokalamba, kapena amene ankaswa ana ambiri wayamba kuswa awiri kapena akufa, ganizirani zimenezo. Koma kuchotsa chiberekero ndi opaleshoni yotsegula mimba, ndipo sindikuyembekezera kumva kuti wina wayesa pakhomo.

Mwachidule, poti ena mufunsabe. Kalulu amene mwalandira muikeni payekha masabata awiri kapena atatu, kutali ndi anzake, mukumupatsa chakudya chimene anazolowera kwinako, kenako n'kumasintha pang'onopang'ono: udzu wouma wambiri, chisoso, kholowa wofotetsa, madeya pang'ono, madzi osasowa. Muone ngati akudya, ngati ndowe zake zikutuluka timibulu touma tofanana, ngati mphuno ili youma, m'makutu mulibe nkhanambo, mano sanapotoke, pansi pa mapazi palibe zilonda. Funsani amene wakupatsaniyo zaka zake, chifukwa kalulu akakula n'kovuta kudziwa msinkhu pongomuyang'ana. Chimodzi mwa izi chikalakwika, za kufula iwalani kaye.

Akakhala bwino ndipo mukufunabe, pitani kwa dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli chipatala cha LSPCA, ku Blantyre cha BSPCA, kwina funsani ku ofesi ya zaulimi akulozereni. Imbani kaye mufunse ngati amachita akalulu, ndiponso ngati apereka mankhwala oletsa ululu opita nawo kunyumba. Musamumane chakudya usiku woti mawa akachitidwa opaleshoni monga achitira ndi agalu. Kalulu sasanza, ndipo mimba yake siyenera kukhala yopanda kanthu, choncho munyamulireni udzu wake. Akabwerako mugonekeni pouma, potchinga ntchentche ndi kansalu ka neti yakale, muziyang'ana pansi pa mchira m'mawa ndi madzulo. Akatha maola 12 osadya kapena osachita ndowe, bwererani naye tsiku lomwelo. Kwa aakazi asayandikire mpaka masabata 6 atakwana.

Ana amphongo amene mukusungira ndiwo, alekanitseni ndi alongo awo asanakwane masabata 12, muwaphe kapena kuwagulitsa ali ndi miyezi 3 kapena 4, ndewu isanayambe. Amenewo safunika kufula konse.