Mwana akapsa, Colgate ndi mazira zisiyeni, thirani madzi

Chiyambireni mphepo ya Juni uno, m'dera limene ndimayendera kuno ku Lilongwe ndakumana ndi ana angapo opsa. Ena ndi phala, ena ndi madzi osamba osiyidwa pansi, ena anagwera pa mbaula pootha moto. Tsoka silinunkha, pamenepo sindidzudzula munthu. Chikundiwawa n'chakuti pafupifupi onsewo akufika kuchipatala bala litapakidwa kale zinthu: Colgate, dzira laliwisi, mafuta ophikira, phulusa, ena mpaka ndowe. Komanso akufika patapita masiku awiri kapena atatu, bala litayamba kutulutsa fungo.

Kodi tinena kangati nkhani imeneyi? Moto ukachoka pakhungu, kutentha kumakhala kukudyabe mnofu m'kati. Mukapaka mafuta ndiye kuti mwavundikira kutenthako ngati nsima mu mbale. Colgate amangonamiza ndi kakuzizira kake kaja, sachiritsa kanthu. Dzira laliwisi lili ndi tizilombo, ndowe ndi dothi zimabweretsa kafumbata. Ndiye kuchipatala anamwino ayenera kuyamba apala zonsezo kuti aone kuya kwa bala. Amene anamvapo kulira kwa mwana akumupala Colgate wouma pa chilonda sangadzapakenso. Ine ndinatuluka panja.

Kuchedwa ndiye kumapha. Khungu ndi limene limasunga madzi m'thupi, likapsa madzi amathawira pabalapo. Chikhatho cha mwanayo pamodzi ndi zala zake ndi pafupifupi gawo 1 mwa magawo 100 a khungu lake. Bala likakwana zikhatho 10, mwanayo akufunika dripi tsiku lomwelo, osati mawa agogo akabwera kudzaona.

Bambo wina wa ku Mitundu, mlimi wa mtedza ndi soya, ananditsutsa pamsonkhano. Anapinda malaya n'kundionetsa chipsera pamkono. "Alangizi, ifetu tinakula ndi mazira omwewa. Madzi amatupitsa matuza." Anthu anaseka, ine ndinangoti zikomo achikulire. Masabata atatu asanathe tinakumana pa depoti akuchokera ku Kamuzu Central Hospital, kumene anagonekedwa mdzukulu wawo. Kamtsikanako kanapisa dzanja mu mphika wa phala, kunyumba anakapaka dzira n'kumanga kansalu. Pofika tsiku lachitatu dzanja linali litachita mafinya. Madokotala anachita kutenga khungu pa ntchafu kukaika pa dzanjalo, ndipo mayi ake anakhala nthawi yaitali akudikirira wodwala, dimba lauma. Matumba a soya amene bamboyo ankasunga kuti mtengo ukwere anapita motchipa kwa mavenda, zonse kuthera thiransipoti ndi chakudya. Za mazira sanatchulenso, inenso sindinawakumbutse.

Matuzawo amabwera chifukwa cha kupsa, osati madzi. Ndipo musawaboole.

Akuluakulu nawo n'chimodzimodzi, makamaka odwala khunyu akagwera pamoto. Anthu amaima patali ati akamugwira atengera. Khunyu sapatsirana, m'kokeni munthuyo msanga.

Chochita n'chachidule. Thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20, a pa mjigo kapena a mu ndowa, koma osati ayezi. Vulani zovala, mphete ndi mikanda malo asanatupe. Nsalu yomatirira pabala isiyeni. Phimbani ndi chitenje chochapa, thupi lonse mumufunditse, wakhanda apitirize kuyamwa. Mwana aliyense wopsa, kapena wamkulu amene wapsa kumaso, m'manja, kumaliseche, molumikizira mafupa kapena bala loposa chikhatho chake, apite kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Yambani chapafupi, kaya ndi Kawale, Area 25, Mitundu kapena Bwaila, iwo atumiza ku Central ngati pakufunika. Mukafika musakhale pa mzere, pitani kwa anamwino muwauze kuti mwana wapsa, ndi chiyani, nthawi yanji. Buku lakuchipatala musaiwale.