Momwe mungasankhire chilankhulo chachilendo n'kuchiphunzira panokha

Anthu ambiri akafuna kuphunzira chilankhulo china amafunsa kuti chotchuka ndi chiti. Kenako amaika pulogalamu pa foni, kuloweza timawu ta Chifalansa kwa milungu iwiri, bandulo n'kutha, chidwi n'kutheranso pomwepo. Akatero amadziweruza okha kuti ndi ouma mutu. Mutu ulibe mlandu. Chilankhulocho analibe nacho kopita, komanso anachilowera kudzera m'Chingelezi, kuiwala kuti Chichewa chimene amalankhula tsiku lonse chikanawafupikitsira njira.

1. Sankhani potengera kumene miyendo yanu imapita

Tengani pepala mulembe munthu kapena malo amene mudzalankhulireko chilankhulocho miyezi itatu ikubwerayi. Ngati palibe cholemba, dikirani kaye.

Amene amadutsa pachipata cha Mwanza kupita ku Zóbuè ndi Tete m'dziko la Mozambique, kapena pa Dedza, pa Muloza ndi pa Chiponde, akufunika Chipwitikizi. Ku Angónia, boma la ku Mozambique loyandikana ndi Dedza, mutha kugula ndi kugulitsa m'Chinyanja popanda vuto, koma mapepala a boma, a kubanki ndi a apolisi a pamsewu amakhala m'Chipwitikizi, ndipo pamenepo ndi pamene munthu amasainira zinthu zimene sakuzimva. Wopita ku Johannesburg kapena Durban apindula ndi Chizulu. Wofuna sukulu ku China kapena ku Germany adziwiretu kuti kumeneko amafuna satifiketi ya mayeso, monga HSK pa Chitchaina kapena mayeso a Goethe-Institut pa Chijeremani, choncho kuphunzira kwake kulunjike ku mayesowo kuyambira tsiku loyamba.

Chitsanzo chathu pano chikhala Chiswahili, chifukwa amalonda ambiri a m'misika yathu amawoloka mtsinje wa Songwe kukapikula katundu ku Tanzania: ku Kyela, ku Mbeya mpaka kumsika wa Kariakoo mu Dar es Salaam. Kunja kwa malonda chilinso ndi msika wake: bungwe la SADC linachivomereza kukhala chilankhulo chake chachinayi chogwirira ntchito mu 2019, African Union inatsatira mu 2022, ndipo UNESCO inaika 7 July kukhala tsiku lokumbukira Chiswahili padziko lonse.

2. Dziwani kutalika kwa ulendo, koma muyeze kuchokera pa Chichewa

Sukulu yophunzitsa akazembe a dziko la America, ya Foreign Service Institute, imawerengera kuti wolankhula Chingelezi amafunika milungu pafupifupi 36 ya maphunziro a tsiku lonse kuti agwire ntchito m'Chiswahili, milungu 24 mpaka 30 pa Chipwitikizi, ndi milungu 88 pa Chitchaina. Manambalawa amathandiza kuti munthu asanamizidwe ndi otsatsa malonda olonjeza zoti alankhula m'masiku 30. Koma anawayeza pa anthu oyambira ku Chingelezi. Mzungu amavutika miyezi kuti amvetse chifukwa chake mtu amasanduka watu, kitu n'kukhala vitu. Inu munayamwira zimenezi: munthu ndi anthu, chinthu ndi zinthu. Maji ndi madzi, kuku ndi nkhuku, ndipo nyumba, moto ndi nyama n'chimodzimodzi. Choncho m'kope lanu muzilemba matanthauzo m'Chichewa, ngakhale buku kapena pulogalamu imene mukugwiritsa ntchito ikufotokoza m'Chingelezi.

3. Yambani ndi khutu

Mlungu woyamba musalimbane ndi malamulo. Tsiku lililonse mverani mphindi 15 za Chiswahili cholankhulidwa ndi eni ake: nkhani za BBC Swahili kapena DW Kiswahili, nyimbo za makwaya a ku Tanzania, masewero a pa Azam TV. Kuti bandulo isamalike, sungani kachidutswa kamodzi ka mphindi ziwiri mu foni muzikamvera mobwerezabwereza, n'kumatsanzira mokweza ngati mmene mwana amatsatirira nyimbo ya kusande sukulu asanadziwe tanthauzo lake. Pemphero kapena ndime ya m'malemba imene mumaidziwa kale pamtima ndi poyambira pabwino, chifukwa tanthauzo muli nalo kale, chatsala n'kuzolowera kamvekedwe.

Pali malo awiri pamene lilime lathu limapunthwa. Ife l ndi r timangowasinthanitsa popanda wotidzudzula, koma kwa Mswahili kalamu ndi cholembera pomwe karamu ndi phwando. Ndipo th wawo si wa mu thumba kapena thobwa: nsonga ya lilime imatuluka pakati pa mano. Yesani pagalasi mpaka zikhazikike, chifukwa th ameneyu mukumana naye pa ndalama.

4. Manambala, mitengo ndi nthawi: apa musathamange

Kuno ndalama timawerenga m'Chingelezi, ndiye ambiri amaganiza kuti ku Kariakoo zikayendanso choncho. Wogulitsa akangomva kuti mtengo mukufunsa m'Chingelezi, wadziwa kale kuti ndinu mlendo. Lowezani 1 mpaka 10: moja, mbili, tatu, nne, tano, sita, saba, nane, tisa, kumi. Angapo mwa amenewa mukuwazindikira kale. Sita, saba ndi tisa anachokera ku Chiarabu, n'chifukwa chake akumveka achilendo, ndipo makumi onse kuyambira 20 anachokeranso komweko: ishirini, thelathini, arobaini, hamsini, sitini, sabini, themanini, tisini. Chenjerani ndi thelathini, yemwe ndi 30, ndi themanini, yemwe ndi 80. M'phokoso la msika, mahutala akulira, onyamula katundu akukuwa kuti muwapatse njira, mawu awiriwa amamveka ngati amodzi, koma pa malaya 100 kusiyana kwake kutha kudya mpamba wonse.

Mia ndi 100, elfu ndi 1,000, ndipo laki ndi 100,000. Mukamva kuti laki mbili na nusu, akunena mashilingi 250,000. Njira yoyeserera ndi yapafupi: nambala iliyonse imene mwaona masana, kaya ndi ya pagalimoto, mtengo wa shuga pagolosale kapena mayunitsi a magetsi, muitchule m'Chiswahili chamumtima. Muzichitanso mobwerera: mnzanu akutchulireni nambala, inu muilembe pa kakyuleta. Kumva nambala n'kovuta kuposa kuitchula, ndipo pamsika mudzakhala womva kawirikawiri.

Nthawi ndiye imasiyitsa anthu basi. Aswahili amawerenga maola kuyambira kutuluka kwa dzuwa, choncho saa moja asubuhi ndi 7 koloko m'mawa, saa sita mchana ndi 12 koloko masana, ndipo saa kumi na mbili asubuhi ndi 6 koloko m'mawa. Pa wotchi ya mivi, ingoyang'anani nambala imene yapenyana ndi imene mwauzidwayo. Mukagula tikiti ya basi, bwerezani nthawiyo kwa kondakitala ndipo muimuonetse pa foni.

Onjezani ziganizo zochepa zimene mudzazinene ndithu. Bei gani, pofunsa mtengo. Bei ya jumla, mtengo wopikulira, kusiyana ndi rejareja, wogulira chimodzichimodzi. Punguza kidogo, tsitsaniko pang'ono. Naomba risiti, ndikupempha lisiti. Anthu a ku Tanzania amalemekeza kwambiri mawu akuti naomba, ndipo mlendo wongoti nipe, kutanthauza ndipatse, amaoneka wamwano. Munthu wamkulu mumamupatsa moni wakuti shikamoo, iye n'kuyankha kuti marahaba. Musalumphe moni n'kuthamangira mtengo, monga mmene simungachitire kwa apongozi anu.

5. Gwirani mneni mmodzi mumutembenuze mbali zonse

Mneni wa Chiswahili amamangidwa ngati wathu: kachidutswa kosonyeza wochita, kena kosonyeza nthawi, kenako tsinde. Tengani kununua, kugula. Ninanunua ndi ndikugula, nilinunua ndi ndinagula, nitanunua ndi ndidzagula, nimenunua ndi ndagula. Msampha uli pa -na-. Kwa ife kachidutswa kameneka kamanena zakale, kwa iwo kamanena zimene zikuchitika panopa. Mnzanu wa ku Mbeya akakulemberani kuti ninatuma mzigo, akunena kuti akutumiza katundu tsopano, musathamangire kudepoti kukafunsa chifukwa chake sanafike. Palinso mawu ofanana ndi athu koma a tanthauzo lina: nimechoka ndiye kuti ndatopa, ndipo kupita kwawo ndi kudutsa. Mawu oterewa muwapatse tsamba lawolawo kumapeto kwa kope.

Mukatha kununua, chitani chimodzimodzi ndi kuuza, kugulitsa, ndi kulipa, kulipira, kenako muwaike m'kukana. Aneni 20 amene mungathe kuwatembenuza osaganiza amakufikitsani patali kuposa mndandanda wa mayina a nyama zakutchire umene mabuku ambiri amayambira.

6. Bwerezani musanaiwale

Dulani timapepala, kutsogolo chiganizo cha Chichewa, kumbuyo cha Chiswahili. Mukhale ndi maenvulopu atatu: ya tsiku lililonse, ya masiku atatu, ndi ya mlungu. Kapepala kamene mwakhoza kasamukire mu envulopu yotsatira, kamene mwalephera kabwerere koyamba. Pulogalamu ya Anki imachita zomwezi pa foni. Duolingo ili ndi Chiswahili chophunzitsidwa kudzera m'Chingelezi, ndipo ndi yabwino posunga chizolowezi, ngakhale payokha singakupangitseni kukambirana mtengo. Google Translate ili ndi Chichewa kuyambira 2014. Muzifufuzirapo mawu amodziamodzi, koma uthenga wokhudza ndalama musautumize musanauonetse munthu wodziwa. Mphindi 20 tsiku lililonse, mu minibasi kapena podikira makasitomala, zimaposa maola atatu a Lamlungu lokha.

7. Pezani munthu wolankhula naye mwezi woyamba usanathe

Apa ndi pamene ambiri amazengereza, amvekere ndiyamba ndikadziwa bwino. Tsikulo silifika. Olankhula Chiswahili tili nawo pafupi: madalaivala a mathiraki ochokera ku Dar es Salaam, amalonda a ku Karonga ndi Mzuzu, ndi anthu a kumsasa wa Dzaleka ku Dowa, umene unatsegulidwa mu 1994 ndipo kumakhala ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Dziwani chabe kuti Chiswahili cha ku Congo chimasakaniza Chifalansa ndipo chimasiyana ndi cha ku Tanzania, ndiye ngati ulendo wanu ndi wa ku Dar, manambala ndi moni muzitengera kwa Mtanzania.

Gwirizanani ndi munthuyo momveka: kawiri pa mlungu, mphindi 15, ndipo mumulipire kapena mumuphunzitse Chichewa posinthana. Mumuuze kuti azikukonzani zolakwika ziwiri kapena zitatu zokha nthawi iliyonse, chifukwa akamakudulani pa liwu lililonse mudzatseka pakamwa. Lowezani sema polepole tafadhali, kupempha kuti alankhule pang'onopang'ono, ndi sijaelewa, sindinamvetse. Safunsa anadya phula, ndipo kugwedeza mutu pa zimene simunamve ndi njira yachidule yobwerera ndi belo la nsapato za phazi limodzi.

Pakatha miyezi itatu dziyeseni pa ntchito yeniyeni. Jambulani uthenga wa mawu pa WhatsApp wopita kwa amene mumapikulako katundu: mumupatse moni, mutchule zimene mukufuna ndi kuchuluka kwake, mufunse mtengo wa jumla, munene tsiku ndi ola limene mufike. Akayankha, mverani kawiri musanapemphe thandizo kwa wina, ndipo mawu aliwonse amene akuphonyani muwalembe pa timapepala ta mu envulopu yoyamba.